Wakuuza Ndani?

Pa tchuthi chapitachi kudabwera kwathu msungwana wina amene ndidamphunzitsa alifu ndi baa ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Lero ali m'chaka chachitatu pa koleji ina ya zaunamwino. Adafika titangochoka ku Swala ya Asr, nakhala pamkeka pakhonde pamodzi ndi mayi a kunyumba kuno, ndipo titatha kulonjerana adati, "Mwalimu, ndili ndi funso, koma si la twahara kapena la Swala." Ndidamuuza kuti afunse basi, poti safunsa adadya phula.

Nkhani yake idali yotere. Ku koleji adapatsidwa ntchito yolemba za likodzo pakati pa ana a m'mbali mwa nyanja. Polemba adagwiritsa ntchito imodzi mwa mapulogalamu a pafoni aja amene ukawalembera funso amakuyankha ngati munthu, omwe akutchedwa kuti chatbot. Pulogalamuyo idamthandiza kusanja mitu ya nkhani, idamkonzera Chingerezi, ndipo ndime ziwiri adangozitenga monga zidabwerera, nasinthamo mawu owerengeka. Pa tsamba loyamba pali malo osainapo kuti ntchito yonseyo ndi yake. Anzake adamlangiza kuti asaine, akhale chete. "Akuti ndikaulula ndiye kuti ndadzimanga ndekha," adatero. "Komanso, Mwalimu, ine sindidabere munthu. Ndime zimenezo zilibe mwini. Tsono ndalakwira yani?"

Sindidamuyankhe msanga, chifukwa funsoli lili ndi mano. Kale tikamanena za kuba zolemba, zinthu zinkaoneka poyera. Pamakhala munthu amene adagona mochedwa akulemba, ndipo pamakhala wina amene wakolola m'munda wosalima. Wolakwiridwa ankadziwika ndi dzina. Koma makina sadandaula. Sadzapita kwa mfumu kukasuma kuti ndime yake yabedwa, ndipo kampani imene idawapanga idawatulutsira ntchito yomweyo, yoti anthu azitenga zimene iwo alemba. Ngati tchimo la kuba zolemba lili pa kulanda mwini, ndiye kuti msungwanayu adalibe mlandu. Ine ndikuti mlandu ulipo, koma takhala tikuufunafuna malo olakwika.

M'buku la Hadith la Imam Muslim muli nkhani imene ambiri a ife tidaimva tili ana. Mtumiki, mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye, adadutsa pa mulu wa chakudya chogulitsa, napisamo dzanja, ndipo zala zake zidakhudza chinyontho. Wogulitsa adafotokoza kuti chidavumbwa ndi mvula. Chimene Mtumiki adamfunsa ndi chifukwa chimene sadaikire chonyowacho pamwamba kuti ogula achione, ndipo kubisako adakutcha chinyengo. Taonani bwino pamenepa. Chakudyacho chidali chake cha wogulitsa, sadachibe kwa munthu. Sadauzidwenso kuti achitaye kapena kuti asachigulitse. Mvula si mlandu wa munthu. Cholakwa chidali chimodzi chokha, kuti pamwamba pa muluwo padanena zosiyana ndi pansi pake. Wolakwiridwa adali wogula.

Kwathu kuno nkhani imeneyi siifuna womasulira. Tonse tikumdziwa wamalonda amene amayala usipa wouma bwino pamwamba pa chigoba, pansi nkuikapo umene wangochoka kumene pathandala usadaume. Sadaname ndi pakamwa. Mukamfunsa akuuzani kuti sadalumbirepo kuti wonse ndi wouma. Koma mayi amene akakhuthule chigobacho ku Lilongwe napeza woola adzadziwa chimene adachitiridwa.

Pepala la wophunzira nalo ndi mulu wa malonda, ndipo dzina lolembedwa pamwamba limalankhula. Limati maganizo awa adutsa m'mutu mwanga, mabuku amene ndatchula ndidawaona ndi maso anga, ndipo mukandifunsa za ndime iliyonse ndikhoza kuiimira. Mphunzitsi amene akuchonga amapereka malikisi pogula lonjezo limenelo. Ndime zija zikhoza kukhala zopanda mwini, koma wowerenga alipo, ndipo iyeyo ndiye wapatsidwa chithunzi chonama.

Ma ulama a Hadith adaidziwa nthenda imeneyi zaka zoposa chikwi zapitazo, ndipo adaipatsa dzina lakuti tadlis. Chondichititsa chidwi nchakuti liwu lomweli ndi limene akatswiri a malamulo a malonda amagwiritsa ntchito ponena za kubisa chilema cha katundu. Kwa iwo wogulitsa wobisa ndi wosimba wobisa adali pa ubale. Tadlis imachitika motere. Munthu adakumanadi ndi shehe wina wotchuka ndipo adamvako zina kwa iye. Koma Hadith inayake sadaimve kwa sheheyo mwachindunji, adaimva kwa munthu wachitatu, mwina wofooka pa kusunga zinthu pamtima. Posimba, iye sanena kuti "adandiuza," poti limenelo likadakhala bodza loonekeratu. Amasankha kaliwu kosamveka bwino kotanthauza kuti "kuchokera kwa uje," nalumpha wapakati uja. Palibe liwu limodzi labodza limene watulutsa, komabe womvera amachoka akukhulupirira chinthu chimene sichidachitike. Shu'ba ibn al-Hajjaj wa ku Basra, amene adamwalira m'chaka cha 160 cha Hijra, ankadana nacho kwambiri chizolowezi chimenechi ndipo sankachisiyanitsa kwenikweni ndi bodza. Patapita zaka mazana angapo, Ibn Hajar al-Asqalani, yemwe adamwalira mu 1449, adalemba buku lapadera losanja anthu odziwika ndi tadlis m'magulu asanu, kuyambira amene ankachita mwa apo ndi apo kufikira amene zosimba zawo sizilandiridwa.

Mwa anthu a m'magulu amenewo mudali ophunzira akuluakulu, opembedza, amene sakadapeka Hadith ngakhale atawaloza mpeni. Chimene chinkawakoka nchimene chimamkoka mwana wa ku koleji lero: kufuna kuoneka woyandikira gwero kuposa mmene alili, ndi manyazi otchula amene adamthandizadi. Ndikawerenga mbiri zawo sindiwaseka. Ndimadziona ndekha.

Tsono mbali yoyamba ya yankho langa kwa msungwana uja idali yakuti anene. Pa mfundo imeneyi ophunzira a dziko lapansi adafika msanga pamene makolo athu m'maphunziro adafika kale. Kampani ya OpenAI idatulutsa ChatGPT pa 30 Novembala 2022, ndipo pasadathe miyezi iwiri padayamba kuoneka zolemba za kafukufuku zimene zidaika pulogalamuyi pa mndandanda wa alembi. Mu Januwale 2023 magazini ya sayansi ya Nature idalengeza mfundo ziwiri. Yoyamba, makina otere sangalembedwe ngati mlembi, chifukwa ulembi umayendera limodzi ndi kuyankha mlandu wa zimene zalembedwa, ndipo makina sangayankhe mlandu. Yachiwiri, amene wawagwiritsa ntchito afotokoze zimenezo m'gawo la njira za kafukufuku kapena m'gawo la kuthokoza. Mwezi wotsatira, bungwe la COPE, limene limalangiza magazini a kafukufuku pa za chilungamo cha kusindikiza, lidanena zofanana. Mu Epulo chaka chomwecho a APA, amene kalembedwe kawo ka magwero kamatsatidwa m'makoleji ambiri, adaonetsa mmene wophunzira angatchulire makinawa: dzina la kampani, chaka, dzina la pulogalamu ndi mtundu wake, ndi pamene ikupezeka pa intaneti. Adalangizanso kuti funso limene udafunsa lioneke, ndipo yankho lalitali likhoza kuikidwa kumapeto kwa pepala.

Langizo lomalizali lili ndi chifukwa chake, ndipo likutifikitsa pa mbali yachiwiri, imene anthu ambiri amaiphonya. Ukatchula buku ndi tsamba, wowerenga akhoza kupita kukatsegula tsamba lomwelo napeza mawu omwewo. Ndi ntchito yake ya kutchula gwero imeneyo, kumpatsa mnzako njira yokutsutsira. Koma makinawa ukawafunsa funso limodzi kawiri, amakupatsa mayankho awiri osiyana. Kagwiridwe kake ka ntchito nkakuti adadyetsedwa zolemba zochuluka zedi, naphunziramo kuti pambuyo pa liwu lakuti kawirikawiri pamabwera liwu lakuti. Akamayankha amakhala akuluka mawu motsatira chizolowezi chimenecho. Sasunga kaundula wonena kuti mfundo iyi ndidaitenga m'buku ili, iyo m'buku ilo. Ndiye ukawapempha gwero, nthawi zina amakulukira dzina la buku looneka bwino, la mlembi womveka ngati weniweni, ndi chaka chake, koma bukulo kulibe padziko. Ena atsopano amafufuza pa intaneti nakusonyeza pamene atenga, ndipo zimenezo nzabwinopo, komabe mpaka utatsegula wekha ndi kuwerenga, sudadziwe ngati tsambalo likunenadi zimene akuti likunena.

M'chiyankhulo cha maphunziro a Hadith, wosimba wotere amaposa ngakhale amene timamutcha majhul, wosadziwika. Majhul ndi munthu amene mbiri yake sitiidziwa, koma iye mwini amadziwa amene adamuuza. Uyu sadziwa ngakhale iye mwini. Amalankhula mosadodoma, mwaulemu, m'Chingerezi chosalala, ndipo liwu lake silisintha ponena zoona ndi ponena zopeka. Munthu wonama amaphethira kapena kuyang'ana kumbali. Makina alibe chikope choti chiwagwiritse.

Zimenezi zidawagwera maloya ena ku New York mu 2023. Munthu wina adasumira kampani ya ndege ya Avianca ponena kuti adavulazidwa bondo ndi kangolo koperekera zakudya m'ndege. Maloya ake adapereka kukhoti chikalata chotchula milandu yakale yoikira kumbuyo mfundo zawo, ndipo isanu ndi umodzi mwa milanduyo idapezeka kuti sidachitikepo. Idalukidwa ndi ChatGPT, mayina, manambala ndi mawu a oweruza omwe. Loya amene adalemba atayamba kukayika adafunsa pulogalamu yomweyo ngati milanduyo idali yeniyeni, ndipo idamtsimikizira kuti inde. Mu Juni chaka chimenecho woweruza P. Kevin Castel adawalipiritsa madola 5,000. Iye adanena momveka kuti kugwiritsa ntchito chida chotere pakokha si kulakwa. Chidawapalamulitsa nchakuti sadatsimikize zimene adasainira, ndipo atafunsidwa adapitiriza kuziikira kumbuyo m'malo movomera. Ndikaganiza za loya wofunsa wosimba kuti adzichitire yekha umboni, ndimakumbuka Jabir ibn Abdullah, Allah asangalale naye, amene adayenda ulendo wa mwezi wathunthu kukamva Hadith imodzi pakamwa pa Abdullah ibn Unays. Ife ulendo wathu ndi wa mphindi khumi, kuchoka pa hositelo kufika ku laibulale, ndipo umatikulira.

Choncho kuulula ndi kutchula gwero ndi zinthu ziwiri, ndipo china sichilowa m'malo mwa chinzake. Kuulula nkunena mmene pepala lidapangidwira: chida chakuti chidandithandiza pakuti ndi pakuti. Kutchula gwero nkusonyeza pamene mfundo yaima. Wophunzira amene walemba kuti mankhwala a likodzo amaperekedwa pa mlingo wakuti, nkuika dzina la chatbot ngati umboni, wanena zoona za kumene adazimva, koma mfundo yake idakali m'malere. Ayenera kupita ku buku la mankhwala kapena ku malangizo a World Health Organization, aone ndi maso, atchule zimenezo. Makina akhale ngati mnyamata wa padoko amene wakulozera kumene kuli nyumba ya sing'anga. Umamthokoza pokulozera, koma mankhwala sumwa a iyeyo.

Msungwana uja adamva zonsezi, koma sadagonje, ndipo ndidakondwa kuti sadagonje. "Nanga malire ali pati, Mwalimu? Kompyuta ikandikonzera sipelo ndiziulula? Mchemwali wanga akandiwerengera pepala nkundiuza kuti apa sizikumveka, ndizimulemba?" Apa ndiyenera kuvomera kuti palibe chingwe chimodzi chimene tingamange kuti chilekanitse zonse. Koma pali funso limene limathandiza: kodi wochonga akadziwa chimene ndabisachi, angalione mosiyana pepalali? Za sipelo sangasinthe maganizo, pokhapokha ngati phunzirolo ndi la sipelo. Koma akadziwa kuti ndime imene waiyamikira kuti ili ndi kuganiza kozama sidatuluke mwa iwe, asintha. Msodzi woika injini pa boti lake palibe amamunena, ndipo amene angakakamire nkhafi pamene injini ilipo sitimutcha wolungama koposa anzake. Koma tsiku la mpikisano wopalasa, injini yobisika pansi pa ukonde imasanduka nkhani ina. Ntchito ya ku koleji nthawi zambiri imakhala mpikisano wopalasa. Mphunzitsi sakusowa nkhani ya likodzo, ali nazo zambiri. Akufuna aone mphamvu za mkono wako.

Pali dandaulo lina limene ndimalimvera chisoni kwambiri. Mwana wa ku Makanjira kapena ku Chipoka amakula akuyankhula Chiyao ndi Chichewa, ku madrasa amawerenga Chiarabu, ndipo Chingerezi chimakhala chiyankhulo chachitatu kapena chachinayi. Amapikisana ndi mwana amene adayamba kuchiyankhula ali ku mkaka. Kwa iye makina okonza chiganizo ali ngati magalasi kwa wa maso ofooka, ndipo ine sindingamlande. Maganizo akakhala ake, makina nkungowongola galamala, chimene chatsala nchiganizo chimodzi chonena zimenezo. Choopsa nchakuti kuwongola ndi kulembetsa zimayandikana ngati madzi a mtsinje ndi a nyanja pa mathiriro. Umayamba ndi kupempha kuti akukonzere chiganizo, kenaka kuti akuwonjezere pang'ono, ndipo pomaliza sudziwanso kuti ako ndi ati. Kulemba chiganizo choulula kumakukakamiza kuima ndi kuwerenga kuti zidafika pati.

Tsono dandaulo lalikulu ndi lija la anzake, lakuti woulula amalangidwa pamene wobisa amadutsa. Sindingamnamize mwana kuti zimenezi sizichitika. Zimachitika. Palinso mapulogalamu amene amati amazindikira zolembedwa ndi makina, koma ndi osadalirika. OpenAI yomwe idatulutsa yake mu Januwale 2023 ndipo idaichotsa mu Julayi chifukwa inkaphonya kwambiri. Chaka chomwecho ofufuza a ku yunivesite ya Stanford adayesa mapulogalamu otere asanu ndi awiri pa zimangirizo zolembedwa ndi anthu amene Chingerezi si chiyankhulo chawo chobadwa nacho, ndipo zoposa theka zidaweruzidwa molakwa kuti ndi za makina. Kutanthauza kuti mwana wathu wolemba yekha, m'Chingerezi chake chosavuta, ndi amene ali pangozi yonamiziridwa, pamene wochenjera wodziwa kusintha mawu apa ndi apo amapulumuka. Mlonda ameneyu amagwira mwini nyumba nasiya wakuba.

Pachifukwa chimenechi mtolowu usasenzedwe ndi ophunzira okha. Koleji imene imangoti makina ndi oletsedwa, koma osafotokoza kuti choletsedwa nchiti ndipo chololedwa nchiti, ikuphunzitsa ana kubisa. Mphunzitsi anene pa ntchito iliyonse: apa musagwiritse ntchito konse, apa mukhoza kukonzetsa chiyankhulo, apa gwiritsani ntchito koma mundionetse mafunso anu. Ndipo amene waulula asalandire chilango chofanana ndi amene wagwidwa. Ife a ku madrasa tili ndi njira yakale imene makoleji angabwereke. Mwana akati wasunga Sura pamtima sitimfunsa pepala. Timamkhazika pansi, nkumuuza kuti ayambe. Mphindi zisanu za mafunso a pakamwa zimaulula zambiri kuposa pulogalamu iliyonse.

Koma ngakhale malamulo atakhala osalongosoka, funso la msungwana uja lakuti walakwira yani lili ndi yankho lina lopitirira mphunzitsi. Satifiketi ndi umboni. Koleji imaimirira pamaso pa dziko nkunena kuti munthu uyu tamuyesa, akudziwa. Tonse tikukumbuka 2020, pamene mayeso a MSCE adathetsedwa ali mkati chifukwa mapepala adabedwa, ndipo ana osalakwa adalembanso pamodzi ndi olakwa. Adathetsedwa chifukwa umboni ukalowa chikaiko umatha ntchito kwa onse. Likasa la m'thumba ndi ndime ya makina yosaululidwa zimasiyana maonekedwe, koma zimaboola bwato pamalo amodzi. Namwino amene adadutsa ndi kuganiza kobwereka tsiku lina adzakhala yekha usiku pa chipatala chaching'ono, netiweki kulibe, mayi atanyamula mwana wokodza magazi, ndipo mlingo wa praziquantel uyenera kuwerengedwa molingana ndi kulemera kwa mwanayo. Mayi ameneyo sadaone pepala lija, koma ndi iye wogula womaliza wa mulu uja.

Ndisamalize ngati kuti nkhaniyi ndi ya ana okha. Ifenso oima pa mimbari tili ndi mafoni m'matumba a mikanjo. Mnzanga wina adandionetsa Hadith yokoma imene adaipeza mwa njira imeneyi pokonzekera khutba, ili ndi dzina la buku ndi nambala yake. Tidatsegula bukulo pa nambala imeneyo ndipo tidapezapo nkhani ina. Tidafufuza m'mabuku ena amene tili nawo, osaipeza. Akadapanda kukayika, Lachisanu limenelo anthu mazana akadabwerera kwawo atanyamula mawu oikidwa m'kamwa mwa Mtumiki, ndipo tonse tikudziwa kulemera kwa chenjezo la pa nkhani imeneyo. Muhammad ibn Sirin adasimba kuti poyamba anthu sankafunsa za mndandanda wa osimba, koma chisokonezo chitagwa adayamba kufunsa mayina. Amene akutimvera ali ndi ufulu wotifunsa kuti tazitenga kuti, ndipo tisakwiye akatifunsa.

Msungwana uja adabweranso patapita masiku anayi, atanyamula laputopu yobwereka. Ndime ziwiri zija adazichotsa nalemba zake, zazifupi ndi zolimba pang'ono powerenga. Mwa magwero asanu ndi atatu amene adali kumapeto, atatu adachokera ku makina. Awiri adawapeza ndipo adawawerenga, ndipo limodzi mwa awiriwo linkanena za dziko lina, osati Malawi monga adauzidwira. Lachitatu adalifunafuna masiku awiri osalipeza, nalichotsa pamodzi ndi chiwerengero chimene chidatsamira pa ilo. Pansi pa pepala adalemba mizere itatu yotchula pulogalamu imene adagwiritsa ntchito, tsiku lake, ndi kuti idamthandiza kusanja mitu ndi kukonza Chingerezi, ndipo kuti magwero onse otchulidwa adawawerenga yekha.

Sukulu itatsegulira adatumiza uthenga pa foni ya mayi a kunyumba kuno. Adapeza malikisi ochepera a mnzake wa m'chipinda chimodzi, amene sadaulule kanthu. Mphunzitsi adalemba mzere wofiira pansi pa mizere itatu ija, ndipo pambali pake adalembapo kuti akamuone ku ofesi Lolemba, atatenga mafunso onse amene adafunsa makinawo.